Cifukwa Cace Makalata a Kutsidya kwa Nyanja Anali Kucedwa

Ali yense wokhala ku Kafue audziwa ulalo wa njanji umene uoloka mtsinje pafupi ndi tauni. Ana obadwira ku Kafue Estates ayesa kuti unakhalapo ciyambire, monga mapiri ozungulira. Koma ulalowo unamangidwa mu 1906, nyumba za Estates zisanalotedwe n'komwe, pakuti izo zinadza patapita zaka zoposa 60, pamodzi ndi mafakitale a nsaru ndi a feteleza. Uli ndi zigawo 13 za citsulo, ndipo utali wace ndiwo mafiti ngati 1,400. Pa ulalo umenewu, sabata ndi sabata, panali kuoloka matumba a makalata ocokera kutsidya kwa nyanja yamcere, ndipo pa siteshoni panali kuima anthu amene anawerenga masiku kufikira kutopa.

M'phunziro lino tifuna kutsata kalata imodzi kucokera ku England kufikira ku Kafue, monga inali kuyendera pakati pa 1906 ndi 1930, ndi kufunsa cimene cinali kuicedwetsa. Anthu a masiku aja, kalata ikapanda kufika, anali kungoti sitima yacedwa, ndipo mlandu wonse unali kugwera amalinyero. Tidzaona kuti mauwo anali oona mwa theka lokha. Mukhale ndi kalendala pafupi, owerenga okondedwa, pakuti nkhani iyi imveka bwino munthu akamaloza masiku ndi cala.

Pangano la masiku 17

Maboma sanali kunyamula makalata a kutali pa sitima zaozao. Anali kupangana ndi eni ace a sitima zamalonda, nawalipira caka ndi caka, kuti anyamule matumba a positi pa tsiku loikika ndi kuwafikitsa pa tsiku loikika. Kampani ya Union inalandira pangano lotere la njira ya ku Cape Town mu 1857, ndipo sitima yace yaing'ono yochedwa Dane inanyamuka pa doko la Southampton nikhala panyanja masiku 44. Pambuyo pace kunadza kampani yina, ya Castle, ya Donald Currie, ndipo kuyambira 1876 awiriwo anagawana nchitoyo, nalimbirana liwiro ngati anyamata othamangitsana pa bwalo. Mu 1893 sitima ya Union yochedwa Scot inafika ku Cape Town m'masiku osakwana 15. Koma liwiro lotere linali kudya malasha ndi ndalama zomwe, ndipo mu 1900 makampani awiriwo anaphatikizana nakhala imodzi, ndiyo Union-Castle. Iyo inalonjeza ulendo wa masiku osapitirira 17, sabata iri yonse, osadumphitsa.

Kuti lonjezo limeneli lisungike panafunika sitima zazikuru 8, zina zirikupita, zina zirikubwera, zina zirikupakira pa doko. Maina a zina mwa izo anali Saxon, Walmer Castle, Armadale Castle, Kenilworth Castle ndi Balmoral Castle. Zinali zopakidwa utoto wotuwa wonga wa maluwa a jakaranda, ndi macumuni ofiira a mitu yakuda. Nkhondo ya 1914 isanayambe, sitima inali kunyamuka ku Southampton Loweruka, niima maora owerengeka pa cisumbu ca Madeira, niyendanso usana ndi usiku kufikira Cape Town, kumene inali kukoceza Laciwiri m'mamawa, itatha mailosi a panyanja ngati 6,000. Kufikira 1914 m'sitima momwemo munali ka positi ofesi kokhala ndi cidindo cacecace. Ndipo pansi penipeni, kumene apaulendo sanali kufikako, kunali amuna amene nchito yao inali kuponya malasha m'ng'anjo ndi mafosholo, m'kutentha koopsa, makamaka podutsa pakati pa dziko pamene dzuwa liomba pa liwombo. Sitima inali kusunga nthawi malinga ndi mphamvu ya mikono ya anthu amenewa.

Tiwerenge masiku

Tsono tengani kalendala ija. Tiyese kuti munthu wa ku London waponya kalata nthawi yabwino, ndipo yakwera sitima ya Loweruka. Tiyambe kuwerenga pa Loweruka limenelo. Pa tsiku la 17, Laciwiri, thumba litsika ku Cape Town. M'mawa mwace, Lacitatu, sitima yina inali kunyamuka kubwerera ku England. Cotero wamalonda wa ku Cape Town akawerenga kalata yace Laciwiri, nalemba yankho usiku womwewo, yankholo linali kufika ku Southampton Loweruka, pa tsiku la 35. Funso ndi yankho lace pamodzi zinali kutha masabata 5.

Wa ku Kafue sizinali kumyendera motero. Thumba lace linali kukwezedwa pa sitima ya pamtunda, nilidutsa m'dziko louma la Karoo, ku Kimberley, ku Mafeking, m'mphepete mwa cipululu ca Bechuanaland, ndiyo Botswana tsopano, kufikira ku Bulawayo, kumene njanji inafika mu 1897. Kucokera apo linali kudzera ku migodi ya malasha ya Wankie, kuoloka Zambezi pa ulalo wa Victoria Falls umene unatsegulidwa mu 1905, kenaka Livingstone, Kalomo, Choma, Mazabuka, ndi potsiriza ulalo wathu uja. Mtunda wonsewo ndiwo mailosi ngati 1,900, ndipo pa kayendedwe ka sitima za nthawi ija unali kudya masiku 5 kapena 6. Kalata ifika m'manja pa tsiku la 22 kapena 23. Sitima ya Lacitatu loyamba lija inapita kale. Ya Lacitatu laciwiri, pa tsiku la 25, siingapezeke, pakuti yankho lifunanso masiku 5 kapena 6 kuti litsikire ku gombe. Yotheka ndiyo ya tsiku la 32, ndipo iyo ifika ku England pa tsiku la 49. Ndiwo masabata 7, zonse zitayenda bwino, popanda namondwe, popanda njanji yokokoloka, ndiponso woyankhayo asanadwale malungo.

Apa ndipo pagona nkhani. Kucedwa kwa tsiku limodzi sikunali kuthera pa tsiku limodzi. Sitima ya makalata inali imodzi pa sabata, ndipo ulendo wonse unali wolandizana: doko lipereka kwa njanji, njanji ya dziko ili ipereka kwa njanji ya dziko ilo, siteshoni ipereka kwa munthu woyenda pansi. Thumba likacedwa maora pang'ono pa malo amodzi, nilipeza kuti wolandira wace wanyamuka, linali kugona pomwepo kudikira wotsatira. Yankho lofika ku Cape Town Lacitatu usiku, sitima itacoka madzulo, linali kukhala m'cipinda ca positi kufikira Lacitatu linzace, ndipo masabata 7 aja asanduka 8. Alimi azidziwa zimenezi. Wonyamula mbuzi kupita ku msika wa Loweruka, akafika Lamulungu, sanacedwe tsiku limodzi iai. Wacedwa sabata yathunthu.

Amene ali ndi envulopu yakale ya masiku amenewo aitembenuze. Kawirikawiri kumbuyo kwace kuli zidindo za maofesi amene kalatayo inadutsamo, ciri conse ndi tsiku lace, ndipo powerenga masiku a pakati pa cidindo ndi cinzace munthu akhoza kuloza pamene thumba linagona.

Cifunga ndi miyala

Kunena zoona, pa ulendo wonsewu gawo la panyanja ndilo linali losunga nthawi koposa m'masiku a mtendere. Anthu a ku Cape Town anali kuinyadira sitima ya makalata cifukwa ca kusaphonya kwace. Koma nyanja ndi nyanja. Pocoka ku England sitima inali kudutsa pa Bay of Biscay, malo ochuka ndi mafunde akuru, pamene woyendetsa wanzeru acepetsa liwiro kuti angathyole sitima. Kumwera, pafupi ndi Cape Town, mdani anali cifunga, cimene cibadwa pamene mphepo yofunda ikomana ndi madzi ozizira ocokera kumwera. Masiku amenewo kunalibe makina oonera m'cifunga. Woyendetsa anali kungoyenda pang'onopang'ono, kuliza lipenga la sitima, ndi kuchera khutu.

Pa 5 Epulo 1900, nkhondo ya Angerezi ndi Mabuno iri mkati, sitima ya makalata yochedwa Mexican, itangocoka ku Cape Town kupita ku England, inagundana m'cifunga ndi sitima ya Winkfield imene inali kubwera ndi asilikari. Anthu onse anapulumuka, koma Mexican inamira, ndipo gawo lina la makalata ndi mapaselo linamira nayo. Caka cotsatira, mu Meyi 1901, Tantallon Castle inakwera pa miyala ya cisumbu ca Robben, m'cifunga cokhacokhaco, doko liri pafupi, nionongekera pomwepo.

Nkhani ya Mexican inacitika njanji isanafike ku Kafue, koma iyenera kuti tiimepo pang'ono, pakuti funso limene linaturukamo likhudza kalata iri yonse, ndipo ndi lomwe akuru a kumudzi akomana nalo pa bwalo. Mkuru wa mapositi a ku Britain anafuna kuti eni ace a Winkfield alipire makalata ndi katundu amene anatayika. Panauka mtsutso wakuti katunduyo sanali wace. Anali wa anthu amene anamtumiza ndi amene anali kumyembekezera. Iye anangonyamula, ndipo lamulo silinali kumkakamiza kubwezera eni ace kanthu. Nanga adandaula ciani? Woweruza woyamba anabvomereza mau amenewa. Koma bwalo la apilo ku London linatembenuza mlanduwo, niligamula kuti wosunga cinthu ca mwini ali nayo mphamvu yofunsa malipiro onse kwa wocionongayo, monga ngati cinthuco ndi cace, ndipo pambuyo pace akalongosole ndi mwini wace. Ciri ngati mbuzi yoikiza. Mnansi akaipha m'khola mwanu, simunena kuti si yanga, ndiribe nayo kanthu. Mumtengera kwa amfumu, alipe mbuzi yathunthu, ndipo inu mukaonana ndi amene anakuikizani. Ophunzira malamulo m'maiko ambiri awerengabe mlanduwu pa dzina la Winkfield. Komatu ndalama sizibweza mau. Amai amene mwana wao anawalembera ali ku nkhondo, kalatayo nimira, sanadziwe n'komwe kuti kunali kalata.

Cifukwa ca zoopsa zotere amalonda anali ndi mwambo wolemba kalata yofunika kawiri, ndi kutumiza yaciwiriyo pa sitima yotsatira. Ena anali kulemba nambala pamwamba pa kalata iri yonse, kuti wolandira akaona 14 itatsatana ndi 12 adziwe kuti yina yatsala m'njira.

Nkhondo ndi kunyanyala nchito

Kucedwa kwenikweni kwa panyanja kunadza ndi anthu, osati ndi mphepo. Nkhondo itayamba mu Ogasiti 1914, Boma la Britain linatenga sitima zambiri za Union-Castle. Zina, monga Armadale Castle, Kinfauns Castle ndi Edinburgh Castle, zinaikidwa mizinga nizisanduka zankhondo. Zina zinanyamula asilikari. Zina zinapakidwa utoto woyera nizikhala zipatala zoyandama. Makalata anatsalira sitima zazing'ono zoyenda pang'onopang'ono, ndipo tsiku loikika lija linatha. Sitima za Ajeremani zoyenda pansi pa madzi zitacuruka, kuyambira 1917 sitima zamalonda zinayamba kuyenda m'magulu operekezedwa ndi zankhondo. Gulu lidikira kuti onse asonkhane, ndipo liyenda pa liwiro la wofooka mwa iwo, monga ulendo wa pansi umene muli nkhalamba. Tsiku lonyamuka linali cinsinsi. Makalata ambiri anali kutsegulidwa ndi kuwerengedwa ndi anthu a Boma asanapitirire. Ndipo ena sanafike konse. Pa 12 Seputembala 1918, kutatsala miyezi iwiri kuti nkhondo ithe, Galway Castle inaphulitsidwa iri pa ulendo wa ku South Africa, patapita masiku awiri cicokere ku Plymouth, ndipo anthu 143 anatayika.

Mtendere utabwera, sitima inasintha tsiku niyamba kunyamuka Lacisanu, ndipo ulendo unakhazikikanso. Koma mu 1925 eni sitima a ku Britain anadula malipiro a amalinyero kucoka pa mapaundi 10 kufika pa 9 pa mwezi, atapangana ndi Havelock Wilson, mtsogoleri wa bungwe la amalinyerowo, eni ace osafunsidwa. Kuyambira mu Ogasiti ambiri ananyanyala nchito m'madoko a ku South Africa, Australia ndi New Zealand, ndipo sitima zingapo za Union-Castle zinakhala ciimire ku Cape Town ndi ku Durban. Wodikira kalata ku Kafue anali ndi cifukwa codandaulira. Koma ndiyesa kuti wa ku ng'anjo uja anali naconso cace, pakuti nayenso anali ndi ana.

Mvula ndi miyendo

Tibwerere kumtunda, kumene masiku ambiri anali kutayika mwakacetecete. Njanji ya kumpoto kwa Zambezi inamangidwa mofulumira ndi kampani ya George Pauling, pofuna kufika msanga ku migodi ya Broken Hill, kumene tsopano ndi Kabwe. Inali njanji imodzi yokha, ndipo sitima ziwiri zinali kupatukirana pa tinthambi toikidwa patalipatali. Mzinda wa Lusaka womwe unayamba monga kamodzi ka tinthambi timeneti. Sitima imodzi ikaonongeka, zonse za kumbuyo ndi za kutsogolo zinali kuima. M'miyezi ya mvula timitsinje touma tinali kusefukira usiku umodzi ndi kukokolola dothi la pansi pa njanji, ndipo sitima inali kukhala pa chire kufikira anchito atakonza.

Ndiponso siteshoni siinali mathero. Kafue, Mazabuka, Choma ndi Broken Hill anali makomo cabe a dziko lalikuru lopanda njanji. Kumadzulo kwa ulalo wathu kuli madambo a Kafue, amene amira m'madzi miyezi yambiri caka ndi caka, ndipo kuseri kwace kuli maboma ndi mishoni monga Namwala, Mumbwa ndi Kasenga. Makalata a ku malo otere anali kupita pa mutu ndi pa phewa la munthu. Boma linalemba amuna amphamvu a nchito imeneyi, ndipo ku Northern Rhodesia anali kudziwika ndi zobvala zao zofiira. Anali kuyenda pansi, kulandizana thumba pa malo oikika, kuoloka mitsinje ya ng'ona pa mabwato, ndi kugona m'njira za mikango. Mtsinje ukadzala, munthu wa thumba anali kukhala pa gombe kudikira kuti uphwe, monga acitira wa ulendo ali yense. Njanji isanafike, ulendo wonse wa kumpoto kwa Zambezi unali wotero. Maina a sitima tawachula, pakuti analembedwa m'mabuku; koma a amuna awa ocepa okha ndiwo akumbukika, ngakhale kuti popanda iwo kalata ikadathera pa siteshoni. Pa kalendala yanu onjezani: wokhala ulendo wa masiku 7 kucokera ku njanji ataya sabata pobwera kalata ndi sabata yina popita yankho, ndipo masabata 7 akhala 9.

Njira ya ku Chinde

Owerenga a ku Malawi ndi a ku Chipata afunsa kuti, nanga kwathu? Kwanu kunali kobvuta koposa. Khomo la Nyasaland linali Chinde, pa mathiriro a Zambezi, pamene Apwitikizi anabwereketsa kamalo kwa Angerezi mu 1891. Pakamwa pa mtsinjewo pali mcenga, ndipo sitima zazikuru za panyanja sizinali kulowa; zinali kuima kunja ndi kutsitsira anthu ndi matumba m'kasitima kakang'ono pakati pa mafunde. Kucokera pa Chinde thumba linali kukwera sitima ya pamtsinje, ya gudumu kumbuyo, monga zija za kampani ya Mandala, nilikwera Zambezi ndi kulowa m'Shire. Tsono m'zaka zoyamba za m'ma 1900 nyanja ya Malawi inatsika kwambiri, ndipo madzi a Shire anali kucepa caka ndi caka. M'cilimwe sitima inali kutsamira pa mcenga, amalinyero alikuikoka ndi zingwe, ndipo doko linali kungothawira kumunsi: poyamba Katunga pafupi ndi Chikwawa, kenaka Chiromo, kenaka Port Herald, ndiye Nsanje. Njanji inalumikiza Port Herald ndi Blantyre mu 1908, nitalikitsidwa kufikira Chindio pa Zambezi mu 1915. Mu Febuluwale 1922 namondwe anapasula Chinde, ndipo caka comweco njanji yocokera ku Beira inafika pa gombe la kumwera la Zambezi; koma matumba anaolokabe pa sitima ya pamtsinje kufikira ulalo wa Dona Ana utatsegulidwa mu 1935. Ku Fort Jameson, ndiko ku Chipata, njanji kunalibe konse m'zaka zimenezo. Cotero wa ku Kafue ndi masabata ace 7 anali wamwai pomlinganiza ndi wa ku Lundazi kapena wa ku Mzimba.

Anali kudikira ndani

Wina angati zimenezi zinali za Azungu, pakuti makolo athu analibe abale ku London. Mbali yina nzoona. Makalata ambiri a m'thumba la kutsidya anali a akuru a British South Africa Company, imene inalamulira Northern Rhodesia kufikira 1924, a alimi Acizungu a m'mbali mwa njanji, a amalonda, ndi a amishoni. Koma zolembedwa m'makalatawo zinali kugwera pa mudzi. Akuru a Kampani anali ku London, ndipo nkhani zazikuru za msonkho ndi za malo zinali kudikira mau ao. Sukulu ya Kafue Training Institute, imene John Fell wa mpingo wa Primitive Methodist anatsegula mu 1918, ndi imene pambuyo pace inakhala Kafue Boys Secondary School, inali kudalira komiti ya ku England pa ndalama ndi pa anchito. Komiti siikhala tsiku ndi tsiku. Kalata ikafika msonkhano utangotha, idikira msonkhano wina, ndipo funso lofunsidwa pobzala cimanga likhoza kuyankhidwa pokolola. Mabuku ambiri a m'masukulu ndi m'mipingo, pamodzi ndi Buku Lopatulika la 1922, anasindikizidwa ku Britain nabwera pa madzi omwewo.

Analiponso a kwathu amene anali kulemberana ndi a kutsidya. John Chilembwe, atabwera kucokera ku America mu 1900, anamanga mishoni yace ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, ndi cithandizo ca mpingo wa National Baptist Convention, ndipo makalata ace anali ndi ulendo wautali kuposa uwu tawerengawu. Charles Domingo wa ku Mzimba, m'zaka za 1911 ndi 1912, anali kulembera Joseph Booth ku Cape Town ndi a Seventh Day Baptist ku America, kupempha mabuku ndi cithandizo ca masukulu ace. Kwa anthu otere, opanda nkhokwe ya ndalama pafupi, thumba locedwa linatanthauza aphunzitsi osalipidwa.

Ndipo njanji yonyamula thumba la ku London ndi yomwe inanyamula makalata a amuna a kwathu ogwira nchito ku Wankie, ku Bulawayo, ndi ku migodi ya Johannesburg, pamodzi ndi timapepala ta positi oda ta ndalama ya msonkho ndi ya nsaru. Njanji ikakokoloka, onse anali kudikira cimodzimodzi, bwana wa ku boma ndi mkazi wa kumudzi. Kusiyana kwace nkwakuti bwana anali kudziwa cifukwa, koma kumudzi, kalata ikacedwa miyezi, kunali kuyamba manong'onong'o akuti mwamuna uja wachona.

Panali njira yacidule, ndiyo waya, umene unatsata njanji pamtunda ndi kugona pansi pa nyanja kufikira ku Ulaya. Koma mau a pa waya anali kulipiridwa limodzi limodzi, pa mtengo wosafikirika kwa munthu wamba, ndipo anthu anali kuusungira maliro ndi malonda akuru. Waya unali kubweretsa mau awiri kapena atatu onena kuti wakuti wamwalira. Za kadwalidwe kace ndi mau ace otsiriza zinali kutsata pa sitima, patapita masabata 3.

Kudza kwa ndege

Mu Januwale 1932 kampani ya Imperial Airways inayamba ulendo wa makalata wa sabata ndi sabata pakati pa London ndi Cape Town, wodzera ku Mbeya, Mpika, Broken Hill ndi Salisbury, umene unayesedwa wa masiku 11. Ciyambi cace cinali ca manyazi pang'ono. Ndege yonyamula makalata oyamba opita ku London inakomana ndi mvula ya mkuntho nitera m'dambo m'dera la Broken Hill, ndipo matumba anaturukamo pa mitu ya amtengatenga, monga kale. Koma pang'ono ndi pang'ono ndege inapambana. Kuyambira pakati pa 1937 makalata wamba a pakati pa Britain ndi maiko a kuno anayamba kuyenda m'mwamba pa mtengo wa peni imodzi ndi theka, kufikira nkhondo yaciwiri itaimitsa makonzedwewo mu 1939.

Sitima nazo zinafulumira. Carnarvon Castle ya 1926 inali yoyamba ya kampaniyo kuyenda ndi injini za mafuta zopanda ng'anjo. Mu 1936 Stirling Castle inaposa liwiro la Scot limene linakhala zaka 43 losaposedwa, ndipo kuyambira 1938 ulendo unakhala wa masiku osapitirira 14, sitima nizinyamuka ku Southampton Lacinai pa 4 koloko madzulo. Mu 1965 unafupikanso nukhala wa masiku 11 ndi theka. Pa nthawiyo zotsalira sitima zinali makamaka mapaselo, manyuzipepala ndi mabuku. Mu Okutobala 1977 Southampton Castle inatsiriza ulendo wotsiriza wa makalata, patapita zaka 120 cinyamukire Dane. Nyumba za Kafue Estates zinali zitadzala anthu pamenepo, koma katundu wa Zambia sanali kudzeranso kumwera, pakuti malire a pa Victoria Falls anali otseka kuyambira Januwale 1973, ndipo njanji yatsopano ya TAZARA inali itayamba kunyamula katundu pakati pa Kapiri Mposhi ndi doko la Dar es Salaam.